Kodi boma lingatitsekere intaneti ponena kuti kuli nkhondo?

Wokonza Mafoni, Limbe:
Abale, pali nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere, ndipo ndikufuna maganizo anu, makamaka akuluakulu amene muli pagulu pano. Masiku ano dziko likangolowa m'nkhondo kapena m'chipwirikiti, choyamba kuzima ndi intaneti. Ku Tigray, kumpoto kwa Ethiopia, nkhondo itayamba mu Novembala 2020 anthu anakhala pafupifupi zaka ziwiri opanda foni, opanda intaneti, mabanki ali otseka, kufikira pamene anasainirana pangano ku Pretoria mu Novembala 2022. Russia italowa ku Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, mwezi usanathe boma la Russia linatseka Facebook ndi Instagram, n'kuika lamulo loti wofalitsa nkhani zimene boma likuti n'zabodza zokhudza asilikali atha kukhala kundende zaka zofika 15. Apa pafupi napo, ku Mozambique zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitatha, netiweki inkangozimazima, WhatsApp osatseguka. Kodi boma lili ndi mphamvu yochita zimenezi ponena kuti likuteteza dziko? Nanga zitafika kuno tingalowere kuti?

Dalaivala wa Thanka, Chirimba:
Achimwene, za ku Mozambiquezo ine sindinachite kumva. Zinandipeza pamsewu wa ku Beira kokatenga mafuta. Ife madalaivala timadalirana pa WhatsApp: pakutipakuti atseka msewu, pakutipakuti akuwotcha matayala, imani kaye. Netiweki itayamba kuvuta tinasowa pogwira. Wanyamula petulo wodzaza thanka kumbuyo, koma sukudziwa ngati kumene ukupita kuli moto kapena ayi. Ziwawa zimene ankati akuletsazo zinapitirirabe, ife amene tinalibe nazo mbali ndi amene tinkagona m'galimoto mtima uli m'mwamba. Kunyumba mayi a ana nawonso tulo osatiwona. Pofika Disembala anthu masauzande anali atawolokera ku Nsanje.

Msilikali Wopuma, Bangwe:
Ana anga, ndilankhuleko ngati munthu amene anavalapo yunifolomu. Mavuto a achimwene a thanka ndawamva ndipo sindikuwapeputsa. Koma foni kunkhondo imapha. Usiku wolowa chaka cha 2023, ku Makiivka kum'mawa kwa Ukraine, mizinga inagwera nyumba imene munagona asilikali a Russia. Unduna wa zachitetezo wa Russia womwewo unavomera kuti anafa 89, n'kunena kuti chimene chinawaulula ndi mafoni amene anyamatawo anayatsa ngakhale anali ataletsedwa. Foni ikangoyaka imalankhula ndi nsanja ya netiweki, ndipo mdani amene ali ndi zida zomvetsera amadziwa kuti pamalo akuti pali gulu la anthu.

Ndipo musaganize kuti ndi Russia yokha imene inamanga malamulo. Ukraine nayo mu Malichi 2022 inaika lamulo loletsa kujambula kapena kufalitsa kumene asilikali ake akulowera. Inaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko. Chisankho cha pulezidenti chimene chinayenera kuchitika mu 2024 sichinachitike chifukwa malamulo awo salola kuvota dziko lili pansi pa ulamuliro wa nthawi ya nkhondo. Dziko likamamenyera moyo wake pali maufulu ena amene amayamba aima kaye. Zimenezi n'zowawa, koma ndi momwe zilili.

Mai a Tadala, Ndirande:
Bambo a ku Bangwe, ndi ulemu wonse, inu mukunena foni ya msilikali. Achimwene a ku Limbe akunena foni yanga. Ine ndine ejenti, ndimakhala pakambulera kanga kumsika kuyambira m'mawa. Amene amabwera kwa ine ndi agogo odzatapa ndalama imene mwana watumiza kuchokera ku Joni, mayi wotumiza ya chigayo kumudzi, bambo wogula mayunitsi a magetsi. Netiweki ikangovuta theka la tsiku mumaona nkhope za anthu mmene zimagwera. Ndiye muganize miyezi. Kodi mdani amagonja chifukwa gogo walephera kutapa ya ufa?

Wokonza Mafoni, Limbe:
Amayi mwalasa. Ndi zimene zinachitika ku Sudan. Nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi gulu la RSF inayamba pa 15 Epulo 2023, mabanki ambiri ku Khartoum anatsekeka, anthu n'kumadalira pulogalamu ya pafoni yotchedwa Bankak kulandira thandizo kwa abale akunja. Mu Febuluwale 2024 netiweki inazima pafupifupi m'dziko lonse. Magulu a achinyamata amene ankaphikira anthu chakudya m'madera anasowa njira yolandirira ndalama, miphika ina inaima. Njala inakula pamenepo.

Msilikali Wopuma, Bangwe:
Mai a Tadala, sindinanene kuti azitseka dziko lonse. Ndikuti pali zina zoyenera kuletsa. Mu Januwale 2025 tinataya anyamata athu atatu kum'mawa kwa Congo pamene gulu loukira boma la M23 linkalowera ku Goma. Mu Novembala 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations linamupatsa mendulo atamwalira chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Msilikali akagwa, akuluakulu ake amayenera kupita pakhomo, kukhala pansi ndi banja, kupereka uthenga mwa mwambo. Koma lero munthu akangopeza chithunzi cha maliro chala chimathamangira kutumiza. Mayi wobereka aone mwana wake pafoni ya woyandikana naye nyumba? Umenewo ndiye ufulu?

Mai a Tadala, Ndirande:
Pamenepo sinditsutsa, bambo. N'khalidwe loipa ndithu. Ngakhale pangozi ya minibasi anthu amayamba kujambula asanathandize ovulala.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiloleni nditalikitseko, chifukwa nkhani imeneyi si yachilendo m'dziko muno, ndipo inayambira mumzinda wathu uno.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, anamenyana ku Karonga mu Sepitembala, ndipo ambiri amene anafa anali anthu akuda, asilikali a mbali zonse ziwiri. John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, imene inkasindikizidwa mu Blantyre muno, kufunsa chifukwa chimene amphawi a dziko lino ayenera kufera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo ponena kuti ino ndi nthawi ya nkhondo. Munthu anayesa njira ya cholembera, anamutseka pakamwa. Pa 23 Januwale 1915 anatenga njira ina, ndipo pa 3 Febuluwale anaphedwa. Amuna a dziko lino anapitirira kutengedwa kukasenza katundu wa nkhondo ngati amtengatenga, ambiri osabwerera.

Tibwere pa 3 Malichi 1959. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, kutanthauza kuti dziko lili pangozi, ponena kuti a chipani cha Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu. Anagwira Kamuzu ku Limbe n'kupita naye kundende ya ku Gwelo (Gweru ya ku Zimbabwe lero), anamanga anthu oposa 1,000, ku Nkhata Bay anawombera anthu padoko. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain lomwelo linatuma, itafufuza sinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chimene ankanenacho, ndipo inati Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chotsatira. Titalandira ufulu mu 1964, malamulo achitetezo amene atsamunda anasiya sitinawataye. Boma lathu lomwe linawatola, n'kumatsekera nawo anthu osawazenga mlandu ku Dzaleka ndi ku Mikuyu. Mu 1968 kunabwera lamulo la Censorship Board, loona buku liti tiwerenge, nyimbo iti timvere. Kunalibe nkhondo, koma tinkauzidwa tsiku ndi tsiku kuti kunja kuli zigawenga, choncho khalani chete. Ife a msinkhu wanga tinakula tikuyang'ana kumbuyo tisanalankhule, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi. Mphamvu imene boma latenga ponena kuti ndi ya kanthawi, kuibweza kumavuta kwabasi. N'chifukwa chake achimwene anga a ku Bangwe, ngakhale mfundo yanu ya mafoni a asilikali ndi yoona, ine ndikangomva mawu oti chitetezo cha dziko ndimayamba ndafunsa kuti mpaka liti, ndipo adzanene kuti zatha ndani.

Wokonza Mafoni, Limbe:
Aphunzitsi, zikomo kwambiri. Nanga nthawi imeneyo nkhani munkazimva bwanji popanda mafoni?

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Mwana wanga, wailesi inali imodzi, MBC, wailesi yakanema kunalibe. Ofuna kumva zina ankatchera BBC kapena wailesi ya ku South Africa usiku, mawu atatsitsa. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Koma nthawiyo n'kuti m'maofesi mutafika makina a fotokope ndi a fakisi. Makalata ankalowa pa fakisi kuchokera kunja, alembi n'kumachulukitsa mobisa, m'mawa mumangopeza mapepala atamwazika. Ambiri anamangidwa chifukwa cha mapepala amenewo, ena anali atsikana otayipa chabe. Mu Meyi chaka chomwecho ogwira ntchito kwa David Whitehead ananyanyala, mzinda uno unagwedezeka. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa referendamu. Makina aja anathandiza kwambiri, koma amene analimba mtima anali anthu.

Anambewe, Machinjiri:
Ine ndili ndi mbali ina imene simunaikhudze. Mayi anga anathawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ali mtsikana, anafikira ku Ntcheu kumalire. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira m'dziko muno nthawi imeneyo, kufikira pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Iwo anatha zaka osadziwa ngati mchimwene wawo ali moyo. Amati njala ankaipirira, koma kusadziwako kunkawadya usiku uliwonse. Ndiye ndikamva za ku Tigray, zaka ziwiri mwana ali kunja sakudziwa ngati mayi ake aikidwa kale, ndimaona nkhope ya mayi anga.

Komabe ndikuopanso china. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula mayina a anthu ndi kumene abisala, ena n'kumapita ndi zikwanje. Anthu pafupifupi 800,000 anatha m'masiku 100. Wailesi imeneyo ikanatsekedwa msanga bwenzi ena ali moyo. Ena mwa amene anathawa kumeneko ali ku Dzaleka komwe aphunzitsi atchula kuja, kumene kunasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994. Lero aliyense ali ndi kawailesi kake m'thumba. Munthu atayamba kulemba pa Facebook kuti a mtundu wakuti ndi adani, tiwathamangitse, tingoti ndi ufulu wake?

Wophunzira Malamulo, Chitawira:
Amayi, funso lanu ndi la aphunzitsi malamulo aakulu a dziko lino anayesa kuwayankha, chifukwa amene analemba mu 1994 anali atangotuluka m'zimene aphunzitsi afotokozazi. Ndifotokoze mmene tinaphunzirira.

Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula, gawo 36 ufulu wa atolankhani, gawo 37 ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Maufulu amenewa ali ndi malire ngakhale pamtendere. Kuuza anthu kuti akaphe anzawo ndi mlandu kale, sipafunika kudikira nkhondo kapena kuzimitsa netiweki kuti woteroyo amangidwe. Amagwidwa iyeyo, osati dziko lonse.

Za nthawi ya nkhondo zili m'gawo 45. Pulezidenti atha kulengeza State of Emergency pokhapokha pali nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yaikulu yogwa mwachilengedwe. Chilengezocho chimatha pakapita masiku 21, pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza kuwonjezera, ndipo pamafunika aphungu awiri mwa atatu alionse, komanso sangawonjezere kuposa miyezi itatu pa nthawi imodzi. Gawoli limavomera kuti ufulu wolankhula, wopeza nkhani, woyenda ndi wosonkhana utha kuchepetsedwa. Pamenepo bambo a ku Bangwe akulondola. Koma limanenanso kuti pa nkhondo azichepetsa pokhapo pamene n'pofunikiradi kuti miyoyo ya oteteza dziko ndi ya anthu wamba, komanso malo ndi zida za asilikali, zisakhale pachiswe. Ndipo pali zina zosakhudzidwa zivute zitani: ufulu wokhala ndi moyo, kuletsa kuzunza munthu, kuletsa ukapolo, ufulu wa chipembedzo ndi maganizo. Bwalo lalikulu la milandu lili ndi mphamvu yomva dandaulo lotsutsa chilengezocho.

Mmene ine ndikuonera, kuletsa kujambula kumene asilikali ali kungathe kuima pa gawo limeneli. Kuzimitsa netiweki ya Mai a Tadala sikungaime.

Msilikali Wopuma, Bangwe:
Mwana wanga, wayankhula bwino. Zikanakhala kuti aliyense wonyamula mfuti ndi aliyense wopereka lamulo amadziwa gawo limenelo pamtima, bwenzi ndilibe nkhawa.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Nkhawa yanga ndi yomweyo. Pa 20 Julaye 2011 malamulo amenewa analipo kale. Kunalibe nkhondo, kunalibe State of Emergency, koma mawailesi analetsedwa kuulutsa zionetsero pamene zinkachitika, ndipo anthu 20 anafa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Pepala palokha siliteteza munthu ngati eni ake sakulidziwa.

Namwino, Chilobwe:
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kuntchito. Ine nkhondo sindinaionepo, koma Freddy ndinamuona mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche usiku. Magetsi anazima, mafoni anatha moto, ena anapita ndi madzi. Anthu ankayenda wapansi kuchoka pasukulu ina kupita pa ina, kuchipatala, kunyumba yachisoni, kufunafuna ana. Chimene ndinaphunzira n'chakuti pamene palibe nkhani yoona, mphekesera ndi imene imalamula. Wina angonena kuti phiri likubweranso, anthu n'kuyamba kuthawa mumdima ndi makanda kumsana. Amene amaganiza kuti akatseka intaneti mabodza atha sanakhalepo pamalo otero. Mabodza amayenda pakamwa, ndipo popanda foni palibe poti n'kufunsa kuti kodi n'zoona.

Dalaivala wa Thanka, Chirimba:
Achemwali mwanena zoona zokhazokha. Kumsewu kuja mphekesera ndi zimene zinkatizunguza mutu. Nanga za Starlink, intaneti ya setilaiti ija, bwanji, achimwene a ku Limbe? Ndimamva kuti imeneyo boma silingaitseke poti imachokera kumwamba.

Wokonza Mafoni, Limbe:
Imathandiza ndithu, koma tisaike mtima wonse pamenepo. Kuno Starlink inayamba kugwira ntchito mu 2023 italandira chiphaso cha MACRA, ndipo wopereka chiphaso athanso kuchilanda. Kachiwiri, mtengo wa kambale kake ndi malipiro a pamwezi si za munthu wogulitsa tomato. Ku Sudan netiweki itazima, anthu ankalipira pa ola kuti agwiritse ntchito Starlink yolowa mozemba, ndipo m'madera ambiri amene ankayang'anira malondawo anali a mfuti omwewo.

Chachitatu ndi chimene chimandiopsa ine. Ukraine inadalira kwambiri Starlink kuyambira masiku oyamba a nkhondo. Koma Elon Musk, mwini wa Starlink, ananena yekha mu 2023 kuti anakana pempho loti ayatse netiwekiyo kufupi ndi Sevastopol ku Crimea, kumene Ukraine inkafuna kuphulitsa zombo za Russia. Kaya analondola kaya analakwa, taonani kuti munthu mmodzi amene sanavoteredwe ndi aliyense ndi amene anagamula. Pulezidenti wathu tingathe kumuchotsa ndi voti, tingathe kumutengera kukhoti. Mwini kampani ali ku America timupeza kuti?

Komanso tisaiwale kuti dziko lathu lilibe nyanja yaikulu. Intaneti yathu yambiri imadzera m'mawaya ochokera kugombe la Tanzania ndi Mozambique. Pa 12 Meyi 2024 mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom ataduka, kuno tinavutika pamodzi ndi Tanzania, Kenya ndi ena. Anzathu oyandikana nawo atalowa m'nkhondo yaikulu, tingathe kukhala mumdima boma lathu lisanakhudze kalikonse.

Mai a Tadala, Ndirande:
Monga mmene zinakhalira ndi feteleza. Nkhondo ili ku Ukraine, thumba likukwera ku Lunzu. Kenako kwacha inagwa mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anambewe, Machinjiri:
Nanga mavidiyo opeka aja? Mwana wanga anandionetsa ina, munthu akulankhula mawu amene sanalankhulepo, pakamwa pakuyenda bwinobwino.

Wokonza Mafoni, Limbe:
Alipo amayi, ndipo akunka nakhwima. Mu Malichi 2022 inatuluka ina yoonetsa Pulezidenti Zelensky akuuza asilikali ake kuti atule zida. Inali yabodza. Chimene chinaipha msanga n'chakuti mwini wakeyo anajambula ina n'kuitumiza pa intaneti pomwepo kutsutsa, anthu n'kufananitsa. Netiweki ikanakhala yozima, amene anaiona yoyambayo akanakhala nayo mumtima osamva yachiwiri. Ine langizo langa n'loti vidiyo ikakukwiyitsani kwambiri kapena kukuopsani kwambiri, imani kaye musanatumize. Onani ngati mawailesi odziwika anena, funsani amene wakutumizirani kuti waitenga kuti.

Msilikali Wopuma, Bangwe:
Ine pa nkhani ya zithunzi za asilikali ndi kumene ali sindisuntha, ndipo wochita zimenezo nthawi ya nkhondo lamulo limugwire. Koma ndamva za Mai a Tadala, ndamva za anamwino. Msilikali amapita kutsogolo kuti amayi ngati amenewa akhale pamtendere. Lamulo lowasowetsa chakudya ndi kuwasowetsa ana awo sindingaliikire kumbuyo, ngakhale litachokera kwa wamkulu wotani.

Mai a Tadala, Ndirande:
Zikomo bambo. Koma ndifunse kwa achimwene ophunzira malamulo. Mwati khoti lingathe kumva dandaulo. Tsiku limene azimitse netiwekilo, adzapite kukhotiko ndani, poti tonse tidzakhala tikuthamangira ufa? Ndipo adzamvera?

Wophunzira Malamulo, Chitawira:
Amayi, zinachitikapo zofanana nazo. Mu Epulo 2020 boma linalengeza kuti dziko lonse litsekedwe masiku 21 chifukwa cha Covid-19, kuyambira pa 18. Mavenda anayamba kuguba ku Limbe ndi m'mizinda ina kufunsa kuti adya chiyani. A HRDC anapita kubwalo lalikulu ku Lilongwe, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso. Boma linamvera, kutsekako sikunachitike. Anthu amasiyana maganizo ngati zinali zabwino pa nkhani ya matendawo, koma zinaonetsa kuti njirayo imagwira. Chofunika n'chakuti mabungwe, maloya ndi atolankhani akhale atakonzeka zinthu zisanavute, chifukwa mapepala a kukhoti amatha kupita pamanja ngakhale foni zitazima. Kunkhondo yeniyeni sindingalonjeze kuti zingayende chimodzimodzi, mantha amasintha anthu, ngakhale oweruza.

Aphunzitsi Opuma, Chilomoni:
Mwana wanga, ndikupemphe chinthu. Gawo 45 lija ulilembe m'Chichewa chosavuta, ndime ndi ndime, uliike pagulu pano. Ine ndikalisindikiza ku Ginnery Corner ndikagawe kumphakati kwathu Lamlungu.

Namwino, Chilobwe:
Inenso munditumizire, ndikaika pa gulu la anzanga a kuntchito.

Wophunzira Malamulo, Chitawira:
Chabwino aphunzitsi. Ndili ndi mayeso Lachinayi, ndikamaliza ndikhalira pansi. Ndiyamba ndawaonetsa amene amatiphunzitsa kuti aone ngati tanthauzo silinapotoke, kenako nditumiza Loweruka.